Pacemaker kwa wodwala wa ku Mulanje ndi Thyolo: ndi yabwino zedi, bola pakhale wokuyezerani

Pa zipangizo zonse zimene madokotala amaika m'thupi la munthu, n'zochepa zimene zotsatira zake zimaoneka msanga ngati pacemaker, batire la mtima lija. Agogo amene dzulo mtima wawo umagunda ka 32 pa mphindi, osatha kufika ku bafa popanda kupumira panjira, tsiku lotsatira atawaika amakhala tsonga pabedi n'kuyamba kufunsa za ndiwo. Choncho tinene poyambirira: kwa munthu amene akufunikadi, kachipangizoka timakavomereza ndi mtima wonse. Koma pali koma. Pacemaker imafuna kuyezedwa moyo wonse, ndipo imayezedwa ndi makina a kampani yokhayo imene inaipanga. Munthu wa ku Muloza kapena ku Thekerani amene waikitsa asakudziwa kumene azikayezetsa walandira theka la chithandizo, ngakhale atalipira ndalama zonse.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba ndi ziwiri m'munsi, ndipo uli ndi magetsi akeake. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamfundo kotchedwa sinus node, kamene kamatulutsa mphamvu ya magetsi ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi munthu akangokhala. Mphamvuyo imafalikira m'zipinda zam'mwamba, izo zimadzifinya n'kukankhira magazi m'munsi, kenako imafika pa kamfundo kachiwiri, AV node. Apa imachedwetsedwa dala kuti zipinda zam'munsi ziyambe zadzaza. Ulendo wonse wochoka m'mwamba kufika m'munsi umatenga masekondi 0.12 mpaka 0.20. Ikadutsa, zipinda zam'munsi zimafinya magazi kupita kumapapo ndi thupi lonse, ndipo kumeneko ndiko kugunda kumene mumakumva pa mkono.

Zimaonongeka m'malo awiri. Mwina sinus node imatopa ndi ukalamba, n'kumachedwa kapena kumadukiza. Mwina njira ya pa AV node imatsekeka, matenda amene madokotala amati heart block. Ikatsekeratu, zipinda zam'munsi zimayamba kudzigundira zokha, kawirikawiri ka 20 mpaka ka 40 pa mphindi, ndipo kugunda kodzipulumutsa kumeneku n'kosadalirika. Pa pepala la ECG, lojambulidwa ndi makina oyeza magetsi a mtima, zimaoneka bwino: timapiri ting'onoting'ono ta zipinda zam'mwamba tikuyenda patokha ka 80, mizere yaitali ya zipinda zam'munsi ikubwera ka 35, popanda mgwirizano uliwonse.

Apa ndi pamene achikulire ambiri amasocheretsedwa. Mtima ukaima masekondi angapo ubongo umasowa magazi, munthu amangogwa mosayembekezera, kaya ali chiimire kaya ali pampando. Mwina amaphiriphitha pang'ono, oona n'kuthamangira kunena kuti ndi khunyu. Komatu wa khunyu akatsitsimuka amakhala wosokonezeka ndi watulo kwa nthawi ndithu, pamene wa mtima amadzuka pasanathe mphindi ziwiri ali bwinobwino, n'kumadabwa kuti anthu amuunjirira bwanji. Munthu amene wayamba kugwa ali ndi zaka 65 kapena 70 asayambe mankhwala a khunyu asanajambulidwe ECG. Kunyumba mungayambe nokha: ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pa mkono m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge mphindi yathunthu. Mukapeza pansi pa 40, ndipo munthuyo ali ndi chizungulire, befu kapena wakomokapo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, Mulanje Mission kapena Malamulo, ndipo mupemphe ECG ndi kalata yopitira ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Vuto lobwera n'kupita limatha kubisala pa ECG ya masekondi 10. Zikatero amavalika kamakina kojambula maola 24 kapena kuposa.

Si aliyense wa mtima wochedwa amene akufunika pacemaker. Mnyamata wonyamula katundu wa alendo ku Likhubula akhoza kugunda ka 48 ali wathanzi kuposa tonsefe, ndipo asiyidwe choncho. Mankhwala nawonso amachedwetsa mtima: atenolol ndi propranolol za BP, digoxin, verapamil, ngakhale timolol wodonthezera m'maso. Impso zikafooka mchere wa potassium umachuluka m'magazi, mtima n'kuchedwa. Chimodzimodzi chithokomiro chikamagwira ntchito moperewera. Dokotala wabwino amayamba wafufuza zimenezi. Tengani mabotolo ndi timapepala tonse ta mankhwala popita, musangoti "ndimamwa aja oyera aja".

Mukaigwira m'manja pacemaker imadabwitsa kuchepa kwake. Ndi kabokosi kosalala ka chitsulo cha titanium, pafupifupi masentimita 4 mpaka 5 m'lifupi, mamilimita 6 mpaka 8 kuchindikala, kolemera magalamu 20 mpaka 30. Pamwamba pali kamutu koonekera mkati, kokhala ndi bowo limodzi kapena awiri olowetsamo waya, aliyense n'kumangidwa ndi kasikuluwu. Mkati gawo lalikulu ndi batire la lithium la mavoti 2.8, kotsalako ndi kakompyuta. Waya wake ndi wofewa, wotalika masentimita 50 mpaka 60, wokutidwa ndi silicone kapena polyurethane, ndipo kunsonga kuli kachitsulo kopota kolowa mumnofu wa mtima kapena timinga tofewa tokola m'makwinya a mkati mwa mtima. Kunsongako amaikako kamankhwala koletsa kutupa kuti chipsera chisachuluke.

Ntchito zake ndi ziwiri, kumvetsera ndi kugunditsa. Ikaikidwa pa 60, imawerenga sekondi imodzi kuchokera pa kugunda kwapitako. Mtima ukagunda wokha nthawiyo isanathe, pacemaker imakhala chete n'kuyambanso kuwerenga. Ukapanda kugunda, imatumiza kamphamvu ka mavoti pafupifupi 2.5 kwa mamilisekondi 0.4, mnofu wa mtima n'kudzifinya. Ili ngati woimba ng'oma wachiwiri pa tchopa amene manja ali m'mwamba nthawi yonse koma amangoomba pamene mnzake waphonya. Munthu samva kalikonse. Sitchajidwa, ndipo magetsi a ESCOM akazima iyo sizikuikhudza.

Funso limene mabanja amavutika nalo kwambiri ndi lakuti atenge ya waya mmodzi kapena ya mawaya awiri, chifukwa mitengo imasiyana. Ya waya mmodzi, imene pa kadi imalembedwa VVI kapena VVIR, waya wake amakhala m'chipinda cham'munsi chakumanja, ndipo imangoonetsetsa kuti kugunda kusatsike pansi pa nambala imene yaikidwa. Ya mawaya awiri, DDD kapena DDDR, ili ndi waya wina m'chipinda cham'mwamba. Wam'mwambayo akamva kuti sinus node yaomba, pacemaker imadikira pafupifupi masekondi 0.15, kenako imagunditsa m'munsi. Ndiye kuti yalumikiza njira yoduka ija, ndipo mtima umafulumira ndi kuchedwa motsatira thupi la mwiniwake, pokwera chitunda, pokwiya, pogona.

Maganizo athu ndi awa. Kwa munthu amene akadali pa ntchito yamphamvu, ali ndi heart block koma sinus node ili bwino, mawaya awiri ndi ofunika ndalama zake. Kwa wa sinus node yotopa, mawaya awiri amachepetsa mpata wodwala atrial fibrillation, kuja zipinda zam'mwamba zimangonjenjemera osagunda mwadongosolo. Koma amene ali kale ndi atrial fibrillation yokhazikika, waya wam'mwamba alibe chomvetsera, ndipo kumuika n'kutaya ndalama. Kwa okalamba, kafukufuku wa UKPACE wa ku Britain, amene anatuluka mu 2005, anaona anthu a zaka 70 kupita m'mwamba okhala ndi heart block ndipo sanapeze kusiyana pa kutalika kwa moyo pakati pa mitundu iwiriyi. Banja limene lakwanitsa ya waya mmodzi yokha lisadzione ngati lawamana agogo. Chilema chodziwika cha ya waya mmodzi n'chakuti kwa ena zipinda zam'mwamba zimafinya pamene mavavu, zitseko za pakati pa zipindazo, atseka, munthu n'kumamva kugunda m'khosi, kufooka ndi chizungulire. Zikakula amaonjezera waya wachiwiri. Nayo ya mawaya awiri ili ndi zake: waya wam'mwamba amasuntha kawirikawiri kuposa wam'munsi, ndipo zokonza pa makina n'zambiri, kutanthauza kuti imafuna woyeza wodziwa.

Chilembo R chija chimatanthauza kuti muli kachipangizo komva kugwedezeka kwa thupi, kamene kamakweza liwiro munthu akamayenda, mwina mpaka 120 kapena 130. Pano sitingapereke malikisi onse. Kamamva kugwedezeka basi, sikadziwa kutopa. Mutakwera kabaza wa njinga yamoto mumsewu wa mabampu mtima ukhoza kuthamanga muli chikhalire, pamene popalasa njinga yakapalasa pa chitunda cha ku Makwasa, chifuwa chili phee, iyo imaganiza kuti mukupumula. Mitundu ina ya Boston Scientific imayezanso kapumidwe, ndipo pa njinga imachita bwinoko. Zambiri mwa izi zimakonzeka pa makina mukawauza oyeza ntchito imene mumagwira. Iliponso pacemaker yopanda waya, monga Micra ya kampani ya Medtronic imene inavomerezedwa ku America mu 2016, yolowetsera pa mtsempha wa pa ntchafu n'kukhala mumtima momwemo. Ndi yokwera mtengo kwambiri ndipo ambiri sakuifunikira. Ziliponso zogwiritsidwapo kale ntchito zimene mabungwe monga Pace4Life ku Britain ndi My Heart Your Heart ku University of Michigan amatolera, kuziyeza ndi kuzitsuka kuti zithandize osauka. Ngati mwapatsidwa yotero, funsani zaka zimene zatsala pa batire ndipo mawaya akhale atsopano.

Opaleshoni yake si yotsegula chifuwa. Munthu amakhala ali maso, amabayidwa mankhwala opha tizilombo ola limodzi lisanakwane kuti ayambe, kenako ochititsa dzanzi pansi pa fupa lopingasa la pamwamba pa chifuwa, kawirikawiri kumanzere. Amacheka masentimita 4 mpaka 5, amalowetsa waya mumtsempha waukulu, n'kumuongolera mpaka mumtima akuonera pa X-ray yoyenda. Asanamange amayeza: mphamvu yocheperatu yogunditsa mtima ikhale voti imodzi kapena kutsika, magetsi a chipinda cham'munsi amveke kuposa mamilivoti 5, ndipo amayesa mavoti 10 kuti aone ngati mnofu wa pansi pa nthiti sukudumpha nawo. Kabokosi kamalowa m'kathumba pansi pa khungu. Zonse zimatha ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amatuluka mawa lake atajambulidwa chifuwa.

Zolakwika zimachitika, ngakhale si kawirikawiri. Singano ikhoza kuboola phapo mpweya n'kulowa m'chifuwa, kwa mmodzi kapena awiri pa 100. Chizindikiro ndi befu ndi kubaya kwa mbali imodzi. Magazi akhoza kuundana m'kathumba, makamaka kwa omwa warfarin kapena aspirin, ndipo musasiye kapena kupitiriza mankhwala amenewa mwa nzeru zanu. Waya akhoza kusuntha m'masabata oyamba, chizungulire chija n'kubwerera, kapena mnofu wa pansi pa nthiti n'kuyamba kudumpha mogwirizana ndi mtima.

Malangizo a masabata 4 mpaka 6 oyamba amalembedwa ngati kuti wodwala amakhala mu ofesi: musakweze chigongono kupitirira phewa, musanyamule zoposa makilogalamu 5. Kwathu kuno ndiye kuti chiyani? Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo podzitwika manja onse amapita m'mwamba. Khasu, nkhwangwa ndi munsi zidikire. Kubereka mwana kudikirenso, chifukwa mfundo ya chitenje imagwera pa bala penipeni. Othyola tiyi ndi onyamula zikwama kuphiri auze dokotala asanachekedwe kumene lamba wa dengu amadutsa, ndipo akabwerera ku ntchito aikepo kansalu kopinda. Koma musaumangirire mkono pachifuwa mwezi wonse, phewa limauma. Dyerani, sambani, valani nawo pang'onopang'ono. Bala likhale louma masiku 7 mpaka 10. Masabata 6 akatha, kulima, kupalasa njinga ndi za m'banja zonse zimabwerera. Chizolowezi chimodzi chokha chilekeni mpaka kale: kuseweretsa kabokosiko ndi zala. Kakatembenuka m'kathumba kamakulunga waya n'kumuzula mumtima.

Choopsa kwambiri ndi tizilombo kulowa m'kathumba, pafupifupi kwa mmodzi pa 100, ndipo zikhoza kuonekera patapita miyezi. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye yang'anani kutentha kwa malowo, kutupa, khungu kunyezimira ndi kupyapyala, mafinya, kapena chitsulo kuyamba kuonekera, zimene zimachitika kwambiri kwa anthu owonda. Pamenepo pasafinyidwe, pasabayidwe singano, pasatemedwe mphini, pasapakidwe chilichonse. Tizilombo tikamatirira pa chitsulo ndi pa waya, mapiritsi okha satichotsa. Kabokosi ndi mawaya zonse zimayenera kutuluka, n'kudzaika zatsopano mbali inayo. Thupi likatentha yezetsani malungo monga mwa nthawi zonse, koma akapanda kupezeka, kapena kutentha kukapitirira mutamaliza mankhwala, nenani kuti muli ndi pacemaker ndipo mupemphe kuti magazi akaunikidwe tizilombo musanayambe maantibayotiki.

Za foni anthu amaopa mopitirira. Igwiritseni ntchito, koma italikire masentimita 15 kuchoka pa kabokosi: osati m'thumba la malaya la pachifuwa, ndipo amayi, osati m'kamisolo mbali imeneyo. Wailesi, TV, filiji, ayironi ndi sola ya panyumba zilibe vuto. Choyenera kusamala ndi maginito, chifukwa maginito akagunda pa kabokosi, pacemaker imaleka kumvetsera n'kumangogunditsa pa liwiro limodzi mpaka atachotsedwa; masipika akuluakulu a kutchalitchi musawanyamulire pachifuwa. Kuwotcherera zitsulo ndi magetsi ndiko kovuta kwenikweni, popeza pacemaker ikhoza kumva phokoso la magetsiwo ngati kugunda kwa mtima n'kukhala chete pamene ikufunika. Musaweramire pa injini ya galimoto kapena jenereta ikulira. Pa opaleshoni ina iliyonse nenani msanga, chifukwa makina owotcha mitsempha ya magazi amaisokoneza, ndipo MRI, kujambula m'thupi ndi maginito amphamvu, imatheka pokhapokha kabokosi ndi mawaya omwe zili zovomerezeka, pali wozikonza musanalowe ndi mutatuluka.

Tsopano kuyeza kuja. Koyamba ndi pakati pa masabata 2 ndi 12, kenako miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Mumakhala pampando, woyeza amaika kachipangizo kokhala ndi chingwe pamwamba pa kabokosi, ndipo pa sikirini pamatuluka mphamvu ya batire ndi zaka zotsala, kuchuluka kwa kugunda kumene pacemaker yathandiza, ndi nthawi zonse zimene mtima unathamanga molakwika. Kenako amatsitsa mphamvu pang'onopang'ono, 2.0, 1.5, 1.0, 0.75, mpaka kugunda kumodzi kutaphonyeka. Mwina mumva kachizungulire ka sekondi imodzi. Amaika mphamvu yowirikiza kawiri yocheperatu imene inagunditsa mtima isanaphonye. Amaonanso waya: nambala ya ma ohm, yosonyeza kuvuta kwa magetsi kudutsa mu waya, ikakwera kuposa 2,000 ndiye kuti akuthyoka, ikatsika pansi pa 200 ndiye kuti chokutira chabooka. Zonse ndi mphindi 20.

Phindu la mphindi zimenezi ndi zaka. Pacemaker yatsopano kawirikawiri imasiyidwa pa mavoti 3.5 podikira kuti nsonga ya waya ikhazikike, ndipo pakatha miyezi itatu imatsitsidwa kufika pa 2 kapena 2.5. Zambiri zatsopano zimatha kudzitsitsa zokha, koma ngati mbali imeneyo sinayatsidwe ndipo palibe anayeza, batire limatha msanga pachabe. Kwinaku chipsera chikhoza kukula pa nsonga ya waya, mphamvu yofunika n'kukwera popanda wodziwa mpaka munthu atagwanso. Ndipo makina a Medtronic sawerenga ya Biotronik, a Abbott sawerenga ya Boston Scientific. N'chifukwa chake amene mukupita kukaikitsa ku India kapena ku South Africa, yambani mwafunsa dokotala wa mtima ku Blantyre kuti ndi makampani ati amene makina awo alipo, akulembereni, mukawasonyeze kumeneko asanatsegule paketi. Makilomita 65 kapena 70 a msewu wa Midima kawiri pa chaka banja likhoza kukwanitsa. Tikiti ya ndege chaka ndi chaka ayi. Akakutsatsani yotumiza uthenga kudzera pa foni, funsani kuti uthengawo uzikafikira ndani, chifukwa popanda chipatala cholandira palibe chimene mwagula.

Musatuluke m'chipatala opanda kadi yosonyeza kampani, mtundu ndi nambala ya kabokosi, za waya aliyense, tsiku loika, zilembo zija, liwiro lotsikitsitsa ndi ngati MRI ikuloledwa. Zikoperedwe m'buku la kuchipatala, ndipo mwana kapena mdzukulu azijambule pa foni. Liwiro lotsikitsitsalo ndi limene mumayerekeza nalo powerenga pa mkono m'mawa uliwonse. Ena amaikiridwa liwiro la usiku la 50, ndiye funsani kuti musadzidzimuke pachabe.

Dziwaninso zimene sichita. Sitsitsa BP, sikonza mavavu oonongeka, siletsa mitsempha ya mtima kutsekeka, choncho mankhwala ena onse amapitirira. Siombanso magetsi amphamvu odzutsa mtima. Chimenecho ndi chipangizo china chotchedwa ICD. Ena amada nkhawa kuti munthu adzavutika pomwalira chifukwa batire lizidzamukakamiza. Sizitero: mnofu wa mtima ukafa suyankhanso magetsi, ndipo munthu amaikidwa m'manda nayo popanda vuto. Imachotsedwa pokhapokha ngati mtembo ukukawotchedwa.

Batire limakhala zaka pafupifupi 8 mpaka 12, malinga ndi mphamvu imene yaikidwa ndi kuchuluka kwa ntchito. Likatsala pang'ono kutha amasintha kabokosi konse, mawaya abwino n'kutsala, ndipo ndi opaleshoni yosakwana ola. Munthu woyamba kuikidwa pacemaker m'thupi, Arne Larsson wa ku Sweden, anaikidwa mu 1958 ku Stockholm. Yoyambayo inagwira maola ochepa okha, koma iye anasinthidwa zoposa 20 ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86. Ndalama za kabokosi kachiwiri yambani kuziganizira chaka choyamba chomwe. Batire silizima mwadzidzidzi. Limafika kaye pa chizindikiro chotchedwa ERI, chimene chimasiya pafupifupi miyezi itatu. Zambiri za Medtronic zikafika pamenepo zimadzisintha n'kuyamba kugunda ka 65 osakwera osatsika, choncho mukaona 65 m'mawa, 65 mutakwera chitunda, ndi kufooka kwachilendo, konzani ulendo wa ku Blantyre sabata yomweyo. Woyeza akanena kuti chatsala chaka chimodzi, muziyezetsa miyezi itatu iliyonse, ndipo amene mtima wake sugunda pawokha mpang'ono pomwe asinthidwe ERI ikangooneka.